Fani Imodzi, Makina Awiri

Lamulungu, 12 Okutobala

Kazimanso. Pakati pa gemu penipeni, mdani nditamuloza kale, chala chili pa mausi, sikirini n'kungoti bii! Ndinangotsala ndikuyang'ana nkhope yanga pagalasi lakuda, kukamwa kuli yasa ngati chitsiru.

Kakompyuta kameneka ndinakasankha ndekha, palibe anandikakamiza. Kakang'ono ngati bokosi la nsapato za mwana, kakuda, kokongola. Chaka chathunthu ndikudzimana, kuima pa tilu m'shopu yayikulu ija mpaka miyendo kutupa, kuti ndikhale nako. Wogulitsa ankati kali ndi mphamvu ngati zikuluzikulu zija. Mphamvu kali nazodi, pamenepo sanandinamize. Zoti kamatentha ngati simbi ndiye anameza, galu ameneyo.

Kaputeni anaimba gemu itangotha. Anzanga anatsala anayi kulimbana ndi asanu, anakwapulidwa ngati ana. Akuti ndisaiwale, Loweruka ndi mpikisano womaliza, magemu atatu. Tikapambana, timu yathu ilowa mu ligi yayikulu, ya majezi ndi malipiro omwe. Ngati ndingaiwale! Kenako anati, “Ukadukanso kamodzi kokha, msuweni wanga alowa m'malo mwako. Ndatopa nawe.”

Msuweni wake uja woti ngakhale khoma amaliphonya.

Zaka ziwiri ndili mu timu imeneyi. Mtsikana ndekha. Wowombera patali wawo ndine, ndipo akudziwa okha kuti palibe wondiposa. Pa tilu ndine “iwe, fulumira.” Mu gemu anthu amathawa akaona dzina langa. Malo amenewo sindiwapereka chifukwa cha kabokosi kotentha, ayi ndithu.

Lolemba, 13 Okutobala

Tsiku lonse thupi pa tilu, mutu kunyumba. Mayi wina ndam'patsa chenji kawiri. Mwayi anali woopa Mulungu.

Nditangofika ndayamba nkhondo. Ndakachotsa kukhoma kuti kazipuma mbali zonse. Ndakakweza pa timapulasitiki totha ulusi, ndatola m'dengu la zinyalala la ababa. Timabowo topumira ndatikwecha ndi mswachi wakale. Zomwe zatuluka mmenemo! Si fumbi ayi, ubweya wa nsalu wokhawokha. Wabuluu wa mayunifolomu a sukulu, woyera wa madiresi a ukwati, wakuda wa masuti. Shopu yonse ya ababa ili m'mimba mwa kakompyuta kanga.

Zosadabwitsa. Chipinda changa ndi shopu yawo ya utelala tinangogawa ndi khoma la pulayiwudi, khomalonso silifika kudenga. Iwo akamadula nsalu uko, ine ndikupuma ulusi kuno. Akayatsa simbi, nthunzi yonse imadumphira kwanga. Pamwamba malata opanda siling'i. Masana muno ndi mu uvuni.

Fani m'nyumba muno ndi imodzi, yoimirira ija yothyoka khosi. Ndinaipempha mwaulemu, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, kwa sabata ino yokha. Ababa osatukula n'komwe mutu, mapini ali kukamwa. Akuti fani ndi ya makasitomala, munthu sangayese suti ali thukuta kamukamu. Akuti makina awo osokera ndi akulu kuposa ine, adutsa m'chilimwe chilichonse osapempha fani. “Chinthu chofuna kuchikupiza ngati wodwala si makina amenewo. Ndi chidole.”

Chidole. Ndinameza mate n'kutuluka, apo ayi ndikanalankhula zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Chimwalirireni amayi m'nyumba muno tilimo awiri, ouma mitu tonse, wotileretsa palibe.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Lero ndiye ndapsa mtima. Cholembera chikuchita kuboola pepala.

Gemu inafuna kudawuniloda zatsopano, chinthu chachikulu, ndiye m'mawa ndinakasiya koyaka kuti kamalize ndili kuntchito. Zenera ndinatsegula, chitseko ndinasiya pang'ono kuti mphepo izidutsa. Ndikubwera madzulo, ndikupeza chiyani? Atakafunditsa. Chinsalu cha jekete, chokhuthala chija cha nyengo yozizira, chopinda kawiri! Pochichotsa ndinachita kupsa zala. Kanazima kalekale, zodawuniloda zinathera panjira, bandulo yanga yapita ulele.

Ndinalowa m'shopu ngati kamvuluvulu. Ababa akuti kamasokosera, kasitomala wina anafunsa ngati tikuweta njuchi kuseri. Akutinso makina aliwonse opanda munthu pampando amafunditsidwa, awo amawafunditsa tsiku ndi tsiku, vuto lili pati? Ndinati anuwo sapuma, kanga kamapuma. Anaseka. Kuseka ndithu, mpaka kuvula magalasi n'kumapukuta misozi.

Ndinati mukanafunditsa khanda chonchi kumaso mukanati mwachita chiyani. Anati khanda limakula n'kuthandiza makolo.

Mxii.

Chakudya ndakana dala. Palibe wandinyengerera.

Lachitatu, 15 Okutobala

Kakuyaka, Mulungu ndi wabwino. Koma kafani kam'kati kayamba kulira. Kale kankangoti fuuu, tsopano kakuti kwiii kwiii ngati wilibala yakutha. Chinsalu cha dzulo chija, ndikudziwa.

Pa pulakatisi madigiri anafika 94. Ndatsitsa zonse zokongoletsa zithunzi, mitengo mu gemu ikuoneka ngati wajambula mwana wa mkaka, bola kasazime. Ndayesanso nzeru ya pa intaneti, mabotolo a madzi oundana kuika m'mbali. Atayamba kusungunuka, madzi kuyenderera patebulo kulunjika ku mawaya, ndinawachotsa mtima uli m'mwamba. Anthu olemba nzeru zimenezi ali ndi ziwanda.

Chofunika chenicheni n'kukatsegula, ndichotse ubweya wam'kati umene mswachi sukufikira. Koma timabawuti take ndi ta mutu wa nyenyezi, dala, kuti wosauka asatsegule yekha. Zomasulira za ababa zonse ndi za mzere umodzi. Ndayesa nsonga ya sizasi, ndangokanda utoto. Ndayesa mpeni, ndadzicheka chala, chowomberacho.

Kadzidzi, mnzanga yekhayo mu timu, akuti chomasulira cha nyenyezi ali nacho, abweretsa Lachisanu. Ndamuuza kuti akaiwala ndidzam'meta nsidze ndi lumo la ababa.

Msuweni wa Kaputeni wayamba kale kulowa pa pulakatisi. Akuti akungoonerera. Kuonerera chiyani? Akudikira maliro anga ameneyo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Kunja kukuchita kuwotcha ngati kumwamba kwatsika. Pa pulakatisi mahedifoni ndinavula, makutu anali kusambira m'thukuta, ndiye mawu a timu ankatulukira pa sipika.

Gemu yachiwiri kanayamba kudodoma, zithunzi kuimaima, ine n'kuphonya munthu woima chilili. Kaputeni n'kuyambapo. Akuti kulira kwa kafani kanga kukumveka mpaka kwawo. Akuti ankadziwa kuti kutenga mtsikana n'kudziputira mavuto, zinthu amagula poona kukongola. “Pita ukathandize bambo ako kusoka mabatani, izi zakukulira.” Enawo kuseka. Kadzidzi yekha zii, koma naye osandiikira kumbuyo, mantha ngati nkhuku yonyowa.

Sindinayankhe ndi pakamwa. Gemu yachitatu ndinagwetsa anthu ochuluka kuposa onse anayi kuwaphatikiza. Palibe ananena kuti wachita bwino.

Nditazimitsa m'pamene ndinazindikira kuti makina osokera anali ataima kalekale. Ababa ali pakhomo la chipinda changa, tepi m'khosi, choko m'manja. Anamva zonse. Anafunsa kuti mnyamata wolankhula ngati woledzerayo ndi mwana wa ndani. Ndinafotokoza, za Loweruka, za ligi, za msuweni. Ndinkayembekeza kuti anena kuti waona nanga, zisiye zimenezo. Koma anangoti, “Ndiye akunyoza iwe, akunyozanso mabatani anga?”

Ndinaseka ndisakufuna. Anafunsa ngati ndimawaposadi anyamatawo. Ndinati kutalitali. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi momwe amayang'anira kasitomala wonama saizi ya m'chiuno, kenako anagwedeza mutu n'kubwerera ku makina.

Fani sanandipatsebe. Ndisawakometsere.

Lachisanu, 17 Okutobala

Kadzidzi waiwala. Waiwala! Akuti anachisiya m'thumba la buluku lina, akuti ali kutali, akuti pepa, abweretsa Lamulungu. Lamulungu ndidzatsegule nacho chiyani, bokosi la maliro? Ndam'tukwana mpaka batire ya foni kutha.

Poweruka ndazungulira mashopu a zitsulo onse a mumsewu wathu, aliyense kungopukusa mutu. Wina wafuna kundigulitsa hamala. Wokonza mafoni wapakona watseka, akuti kwawo kuli ukwati. Anthu amadziwa kukwatira nthawi yolakwika.

Abwana nawo andikaniza tchuthi cha mawa. Akuti Loweruka m'mawa kumadzaza anthu, ndiweruke masana ngati aliyense. Ndinati ndili ndi mpikisano. Anafunsa ngati ndi wa kwaya. Mpikisanowo ukuyamba dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene malata athu amachita kulankhula. Ndidzafika chothamanga n'kukhala pampando thukuta lisanaume.

Madzulo ano ndinakayatsa pang'ono kuti ndimve. Kwiii kwiii yemweyo, mwinanso kuposa. Ababa analowa osagogoda, anawerama, khutu pafupi, maso atatsinzina, momwe amachitira makina awo akasintha mawu. Anafunsa kuti chikulira n'chiyani. Ndinati kafani kam'kati kakukanika kuzungulira bwino, kakangoima basi zonse zathera pomwepo. Anafunsa kuti kali mbali iti. Ndinawalozera timabowo. Anangoti mhm.

Koyamba chigulireni kuti akayang'ane osakwinya nkhope. Kaya ndizimve bwanji. Mantha okha ndiye ndili nawo.

Loweruka, 18 Okutobala, m'mawa

Sindinadye. Yunifolomu ilibe batani limodzi, mwana wa telala!

Ndawauza ababa kuti chonde chonde, asakafunditse, asakasunthe pa timapulasitiki take, zenera lisatsekedwe. Anati pita kuntchito iwe, uchedwa.

Kangopirira masana ano okha. Kakatero kaphulike ngati kakufuna.

Lamulungu, 19 Okutobala

Dzulo sindinalembenso. Ndikanang'amba kope lonse.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima utsika.

Ndinafika ndikuthamanga. Shopu yotseka. Loweruka masana, nthawi imene anthu amabwera kudzatenga zovala zawo, ababa atatseka shopu! Simbi yozimitsa, nsalu zonse zopinda, pansi pokolopa kuti ulusi usauluke. M'chipinda mwanga fani itaima kale, khosi lake lothyoka atalimanga ndi kansalu kuti iloze pa kakompyuta. Patebulo kapu ya madzi ozizira. Iwo atakhala pa kampando pakhomo, malaya oyera ositasita, ngati akupita kokajambulitsa. Anangoti, “Kawaonetse.” Ndinangothamangira pampando, osathokoza n'komwe.

Kuyatsa, phee. Kwiii uja palibe. Ndinati Mulungu wandimvera. Ababa akumwetulira okhaokha, ine osatolapo kanthu.

Gemu yoyamba ndinasewera ngati si ine. Aliyense wotulutsa mutu, pansi. Kaputeni yemwe uja kukuwa kuti ndiwe chilombo iwe. Kumbuyo kwanga ababa kufunsa chonong'ona kuti wagwayo ndi wathu kapena wawo. Tinapambana. Ndinatembenuka n'kuwakwezera chala chachikulu, iwo n'kuwomba m'manja kamodzi, mwamanyazi.

Pakati pa gemu yachiwiri ndinamva fungo. Fungo limene ndalidziwa chibadwireni, la m'manja mwa ababa, la pa malaya awo. Mafuta a makina osokera. Koma otentha, ngati akukazingidwa. Kuyang'ana pakona ya sikirini, madigiri akukwera ngati openga. Kuika dzanja pa timabowo, mpweya palibe. Patebulo pansi pake ponyowa, ponyezimira. Ndisanatembenuke n'komwe, bii.

Ndinayatsa, kanazima ndisanalowe. Ndinayatsanso, chimodzimodzi. Ndinakupiza ndi katoni, ndinauzira ndi pakamwa ngati wosonkha moto, ndinakapempha ngati munthu. Foni kulira, kulira. Ababa ataimirira, akufunsa ngati magetsi athima. Kenako iwo eni, mtima uli m'malo, akuti sizingatheke zimenezi, m'mawa anakayatsa n'kukathira mafuta okwanira, m'timabowo tonse, mpaka kanasiya kulira.

M'timabowo tonse. Ndinatchula kufunditsa, ndinatchula kusuntha, ndinatchula zenera. Ndani padziko lino akanaganiza zotchula mafuta?

Ndinatseka chitseko iwo ali pomwepo, ndinakhala pansi, n'kumaonerera pa foni ngati mlendo. Yachiwiri analuza, anali anayi okha. Yachitatu msuweni analowa. Anangobisala kumbuyo kwa anzake gemu yonse, kuwombera m'mwamba, koma anapambana. Anapambana! Timu yanga ili mu ligi. Pa chithunzi pali mayina asanu, langa palibe. Gemu yoyamba ija inangodzipambana yokha kapena.

Uthenga wa Kaputeni unali waufupi: “Ndinakuuza.” Kenako anandichotsa pa gulu.

Ndakwiya. Ndakwiyira Kaputeni, wogulitsa uja, Kadzidzi, abwana, dzuwa, malata. Ababa ndiye sindikufuna n'kuwaona komwe. Sabata yonse kunyoza, tsiku limodzi lokha loti andithandize, n'kundipha. Bola akanangopitiriza kunyoza!

Lolemba, 20 Okutobala

Pa tilu. “Iwe, fulumira.” Ndafulumira.

Kadzidzi anabwera masana, anaima pa mzere ngati kasitomala, m'manja botolo la madzi ndi chomasulira chija. Maso pansi. Akuti anayesa kundinenera, Kaputeni wakana, mayina apita kale kwa oyendetsa ligi, sasinthanso mpaka chaka chamawa. Chaka chamawa ndani adzandikumbuke? Akuti majezi akayesa Lachinayi. Sindinam'funse zimenezo. Ndinalandira chomasuliracho, ndinam'lipiritsa madzi ake n'kuitana wotsatira.

Kunyumba aliyense mbale yake, nthawi yake. Sitikulankhulana. Fani idakali m'chipinda mwanga, ikupepesera kabokosi kozima, makasitomala uko akupukuta thukuta ndi mipango. Sindiibweza. Abwere adzaitenge okha.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Tsiku langa lopuma. Ndakatsegula.

Timabawuti tinangomasuka ngati masewera. Ntchito yochepa chonchi! M'kati ubweya wonse uja unamwa mafuta n'kusanduka chiphala chakuda, chomata, chitakulunga kafani konse, chitatseka njira ya mpweya ngati chigamba. Ndachikoka ndi kachitsulo kozulira nsidze, ndachiunjika pa nyuzipepala. Ndapukuta paliponse ndi thonje ndi sipiriti mpaka msana kuwawa. Ndadikira kuti kaume.

Kayaka. Kakuzizira bwinobwino, madigiri sakufika n'komwe 70, masana dzuwa lili pamutu. Kafani fuuu, ngati tsiku limene ndinakagula. Ndinatsegula gemu, ndinayang'ana pomwe pamakhala mayina a timu, ndinatsekanso. Ndisewere ndi ndani?

Ababa anabwera ndikulongedza zida. Lero anagogoda. Anaona chiphala chija pa nyuzipepala, anachiyang'ana nthawi yayitali. Anafunsa ngati kakuyaka. Ndinati kakuyaka. Nkhope inamasuka pang'ono. Anafunsa kuti ndiye mpikisano wina uli liti, adzatsekenso shopu. Ndinati palibe wina, malo anga anapatsa munthu.

“Ndi mafuta aja?”

Bodza linali pakamwa kale. Magetsi, kutentha, kafani kotopa, chilichonse akanakhulupirira, ankachita kufuna kukhulupirira. Koma mkwiyo unafika msanga kuposa bodza. Ndinati inde, ndi mafuta anu.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati awauza kuti adula molakwika nsalu ya mwini. Anatola nyuzipepala ija ndi manja awiri n'kutuluka nayo.

Ndinkafuna adziteteze. Anene kuti makina onse amathiridwa mafuta, kuti ndikanawauza, kuti ndine mwana wopanda ulemu. Ndiwakalipire, andikalipire, tikangane mpaka msewu wonse umve. Mawu ndinali nditawakonza kale, ochuluka, opweteka. Koma zii. Akhala pa makina kuseriko, mpando ndinaumva ukulira, koma phazi silikuponda. Dzuwa lapendeka, sanasokebe kanthu.

Ndidakali wokwiya. Ndiyenera kukwiya, malo anga apita, sabwereranso.

Pondani makinawo ababa, chonde, kuti ndikwiye bwino.